Mabuleki akulira chisinthireni mapadi ndi madisiki akutsogolo

Mphunzitsi wa ku Zomba analemba kuti:

Moni kwa nonse amene mumadziwa bwino za magalimoto. Ndili ndi Toyota Corolla Axio ya 2010, ya otomatiki, imene ndimayendera popita kuntchito ndiponso ndimatengera ana kusukulu. Mwezi wathawu ndinayamba kumva chiwongolero chikunjenjemera m'manja ndikaponda buleki ndili pa liwiro, ndipo nditapita nayo kugalaja ina ya kuno, amakaniko anandiuza kuti madisiki akutsogolo, zitsulo zozungulira zimene mapadi a buleki amapana kuti galimoto iime, adyeka mosalingana ndipo apyapyala kale moti kuwapala pa makina sikukanathandiza. Ndinavomera kuti asinthe madisiki onse awiri pamodzi ndi mapadi ake, ndipo zipangizozo ndinakagula ndekha ku Blantyre.

Kunjenjemera kuja kunatheratu, koma kwabwera phokoso limene kale kunalibe. Galimoto ikatsala pang'ono kuima, makamaka ndikamaponda buleki mopepuka pofika pa mahampu kapena pokhota kulowa pageti, kumamveka kulira kosongoka kwakuti tswiii, moti anthu oyenda m'mbali mwa msewu amachita kutembenuka. Ndikaponda mwamphamvu kulirako kumaleka. M'mawa ndikangonyamuka sikumveka kwenikweni, koma ndikayenda kanthawi mabuleki n'kutentha, kumayamba ndipo sikuleka mpaka ndikafike. Ndikamayenda osaponda buleki sindimva chilichonse. Buleki ikugwira bwino, sikumira pansi, galimoto sikukokera mbali imodzi, ndipo nyale yochenjeza pa dashibodi sinayake.

Nditabwerera kugalaja anandiuza kuti ndi mmene amachitira mapadi atsopano ndipo phokosolo lidzatha lokha. Mnzanga wa kuntchito akuti ndinagula mapadi achinyengo, ndiwataye ndikagule ena. Ndalama zimene zapita kale si zochepa, choncho sindikufuna kugulanso zinthu mongoganizira, komanso mtima wanga sukukhazikika kutenga ana m'galimoto imene mabuleki ake akuchita zimene sindikuzimvetsa. Ndikupempha mundithandize kudziwa ngati phokosoli ndi loopsa, ndiponso zimene ndingapemphe amakaniko kuti ayang'ane ndisanaganize zogula mapadi ena.

Makaniko wa ku Ndirande anayankha kuti:

Zikomo mayi chifukwa mwalongosola nthawi imene phokosolo limamveka, pakuti pa nkhani ya mabuleki nthawiyo ndiyo imatilozera kumene kuli vuto. Malinga ndi zimene mwanena, sindikuona chizindikiro chakuti mabuleki anu angakane kugwira, koma sindikugwirizananso ndi mawu akuti mungodikira lidzatha lokha, chifukwa papita mwezi, ndipo mapadi amene akungofuna kuzolowerana ndi disiki satenga nthawi yotero pa galimoto yoyenda tsiku lililonse.

Kulira kosongoka kumene mukumva ndi kunjenjemera kofulumira kwambiri. Padi ikakhudza disiki mopepuka, imagwira n'kuterereka, kugwira n'kuterereka, kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo disikiyo pokhala chitsulo chozungulira imakuza phokosolo. Inu monga mphunzitsi mukudziwa mmene choko chatsopano chimalirira pa bolodi mukachigwira mopepuka, ndi mmene chimalekera mukachitsindika. N'chifukwa chake mukaponda mwamphamvu phokosolo limatha: padi imapanikizidwa zolimba ndipo imasowa mpata wonjenjemera. Opanga galimoto amadziwa zimenezi, ndipo anaikamo tizinthu ting'onoting'ono toletsa kunjenjemerako. Tizinthu timeneti ndi timene nthawi zambiri timatayidwa kapena kuiwalika posintha mapadi.

Choyamba choti afufuze ndi mashimu. Amenewa ndi timalata topyapyala timene timakhala kumsana kwa padi, pakati pa padi ndi pisitoni yoikankha kumbali ya mkati, ndiponso pakati pa padi ndi zala za kalipa (chitsulo chimene chimapanikiza mapadi pa disiki) kumbali ya kunja. Magalimoto a Toyota amachoka kufakitale ali nato, koma mapadi ambiri otsika mtengo amabwera opanda mashimu, ndipo munthu akamagwira ntchito mofulumira amazula mapadi akale n'kuwaponya pansi mashimu ali pomwepo, kenaka n'kulowetsa atsopano chitsulo pa chitsulo. Ndaona zimenezi kawirikawiri moti galimoto ikabwera ndi dandaulo longa lanuli, ndimayamba kufunsa kumene kuli mapadi akale. Ngati munawasunga kapena akadali kugalajako, ayang'aneni kumsana. Mashimu akale ngati sanadyeke ndi dzimbiri amatha kutsukidwa n'kubwezeredwa, koma ngati anapindika ndi bwino kugula ena.

Chachiwiri ndi malo amene makutu a padi amatsetserekapo. Pa chitsulo chimene chimanyamula kalipa pali timakilipu tachitsulo chosachita dzimbiri, ndipo makutu a padi amakhala m'menemo. Pansi pa timakiliputo pamaunjikana dzimbiri ndi dothi, ndipo dzimbiri likafufuma limakankha kilipu n'kupana padi. Padi yoikidwa bwino iyenera kulowa ndi dzanja, n'kumatha kusuntha mukaikankha ndi chala, koma osagwedera. Ngati anachita kuikhomera ndi hamala, singabwerere bwino mukasiya buleki ndipo imatentha. Ngatinso timakilipu tinafooka kapena tina tikusowa, padi imagwedera n'kumalira. Ntchito yake ndi kuchotsa timakilipu, kupala dzimbiri ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chioneke, ndi kubwezera timakilipu tabwino.

Chachitatu, chimene ine ndimachiona kukhala chofunika kuposa phokoso lenilenilo, ndi mapini awiri amene kalipa imatsetserekapo. Kalipa ya galimoto yanu ili ndi pisitoni imodzi yokha kumbali ya mkati, ndipo kuti padi ya kunja nayonso igwire disiki, kalipa yonse iyenera kutsetsereka pa mapiniwo. Pini imodzi ikauma, kalipa imapendekeka, padi imakhudza disiki ndi mbali imodzi, ndipo zotsatira zake ndi phokoso, kutentha, ndi kudyeka kwa padi kopendekera. N'kutheka kuti pini youma ndiyo inathandizira kuwononga madisiki anu akale, ndipo ikasiyidwa idzawononganso atsopanowa. Awazule onse awiri mbali iliyonse, awapukute, aone ngati timalabala take sitinang'ambike, ndipo apake gilisi woyenera. Apa ndikutsindika: gilisi wakuda wamba amene timapaka m'mabering'i sayenera pa mapini amenewa, chifukwa amatupitsa labala ndipo akatentha amauma n'kumata. Pamafunika gilisi wa silikoni kapena wina wopangidwira labala wa mabuleki. Kumsana kwa padi ndi pa makutu ake amapakapo pang'ono kwambiri gilisi wa mabuleki wopirira kutentha, ndipo ngakhale kadontho kasafike pa nkhope ya padi kapena pa disiki.

Pali zina ziwiri zimene sindikuziganizira kwambiri pa galimoto yanu koma n'zosavuta kuziona tayala likachotsedwa. Kuseri kwa disiki kuli lata loteteza fumbi, ndipo limapindika mosavuta posintha disiki. Likamakhudza, kapena kamwala kakalowa pakati, phokoso lake ndi lokwecha ndipo limamveka ngakhale musanaponde buleki. Chimodzimodzinso kachitsulo kochenjeza kamene kamakhala pa padi kuti kazilira padi ikatha: kakapindika poika, kamakhudza disiki nthawi isanakwane. Poti inu simumva kanthu mukamayenda osaponda buleki, ndikukhulupirira kuti vuto lanu lili pa zitatu zoyambazo.

Musanapite kugalaja mungathe kudziyesera nokha chinthu chimodzi. Yendani mtunda wa makilomita angapo pamsewu wathyathyathya osagwiritsa ntchito buleki kwambiri, muime, ndipo muyandikize dzanja pa limu ya tayala lakumanzere ndi lakumanja osakhudza disiki. Ngati mbali imodzi ikutentha kuposa inzake, kapena mukumva fungo lopserera, ndiye kuti buleki ya mbali imeneyo ikukakamira, ndipo musazengereze kupita nayo.

Dalaivala wa msewu wa Chikwawa anayankha kuti:

Mayi, zimene anena akuluwa n'zoona, koma ine ndikufuna kuonjezera mbali ya woyendetsa, chifukwa si vuto lililonse limene limachokera m'manja mwa makaniko. Ntchito yanga ndi yotsika ndi kukwera phiri la pakati pa Blantyre ndi Chikwawa, ndipo msewu umenewu umaphunzitsa munthu kusamala mabuleki.

Mapadi ndi madisiki atsopano sagwirana nkhope yonse pa tsiku loyamba. Pamafunika kuti padi isiye kachigawo kake kopyapyala pa disiki mofanana ponseponse, ndipo izi zimachitika mabuleki akatenthedwa pang'onopang'ono mwadongosolo. Munthu amene amangoyenda m'tauni, n'kumaponda buleki mopepuka pa mahampu okhaokha, akhoza kutha milungu yambiri mapadi asanakhazikike. Njira imene timatsata ndi iyi. Pezani msewu wowongoka wopanda anthu ndi magalimoto ambiri, thamangani mpaka makilomita 60 pa ola, pondani buleki molimbako koma osati modzidzimutsa mpaka liwiro litsike kufika pa makilomita 10 pa ola, ndipo musaime, koma muthamangenso. Bwerezani zimenezi kasanu ndi katatu kapena kakhumi, kenaka yendani mphindi zingapo osaponda buleki kuti zitsulo zizizire. Chofunika kwambiri n'chakuti musaime n'kupondereza buleki disiki ili yotentha, chifukwa padi imadinda chizindikiro chake pamalo amodzi, ndipo pambuyo pake mudzayambanso kumva kunjenjemera konga kuja munali nako.

Mbali inayo ndi kutenthetsa mopitirira. Poti muli ku Zomba, ndikufunseni ngati munakwerako kuphiri chisinthireni mapadiwa. Munthu akatsika mtsetse wautali ngati umenewo phazi lili pa buleki njira yonse, mapadi atsopano amapsa pamwamba, amasalala n'kumanyezimira, ndipo akatero amalira ndithu komanso sagwira monga kale. Pa mtsetse muziika giya yotsika, imene pa magalimoto a otomatiki imalembedwa kuti B, L kapena 2, kuti injini izithandiza kuletsa liwiro, ndipo buleki muziponda molimba kwa kanthawi n'kusiya, osati kuigwiriza. Ngati mapadi anu anyezimira kale, amakaniko akhoza kuwakhula pa sandipepa atamuyala pamalo osalala mpaka kunyezimirako kuchoke, ndipo ena amasongolako pang'ono m'mphepete mwa padi ndi fayilo kuti isamakhudze disiki ndi ngodya yakuthwa.

Chinanso n'chakuti madisiki atsopano amabwera atapakidwa mafuta oletsa dzimbiri, ndipo ngati sanatsukidwe, mafutawo amalowa m'mapadi. Ife timangowatsuka ndi palafini tisanawaike.

Wogulitsa zipangizo ku Johannesburg anayankha kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse kumudzi. Ndimagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo za magalimoto kuno, ndipo madandaulo a mabuleki olira timawalandira pafupifupi sabata iliyonse, kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene abwera kudzabweza mapadi poganiza kuti ndi oipa.

Ndiyambe ndi kupempha achimwene a msewu wa Chikwawa kuti andilole kutsutsana nawo pa mfundo imodzi yokha, pakuti zina zonse anena bwino. Palafini ndi mafuta, ndipo akauma amasiya utoto wamafuta pa chitsulo, umene ndi womwewo tikufuna kuchotsa. Dizilo ndiye woipiratu. Disiki imatsukidwa ndi mankhwala opopera otsukira mabuleki, amene amauma osasiya kanthu, ndipo ngati palibe, madzi otentha a sopo amathandiza, bola mutsukuluze ndi kuumitsa nthawi yomweyo. Pukutani ndi kansalu koyera mpaka kasiye kuda. Pali madisiki ena amene amabwera ndi utoto wotuwa wouma woteteza dzimbiri, ndipo amenewo sasowa kupalidwa, chifukwa utotowo umachoka wokha pamalo pamene padi ikudutsa. Koma padi imene yamwa kale mafuta kapena gilisi ilibe mankhwala; kuikhula kapena kuiwotcha pamoto, monga ena amachitira, sikuchotsa mafuta amene alowa mkati, ndipo iyenera kusinthidwa.

Tsopano za mnzanu amene akuti mapadi ndi achinyengo. Mapadi achinyengo alipo ndithu, ndipo ena amaikidwa m'mabokosi ofanana kwambiri ndi a makampani odziwika, koma phokoso palokha si umboni. Mapadi amapangidwa mosiyanasiyana. Amene ali ndi zitsulo zambiri m'kati mwake amapirira kutentha ndipo amakhalitsa, koma ndi amene amakonda kulira pa liwiro lochepa ndiponso amadya disiki msanga. Amene amatchedwa a ceramic nthawi zambiri amakhala achete ndipo satulutsa fumbi lakuda lambiri, pamene ofewa opanda zitsulo amakhalanso achete koma amatha msanga. Choncho padi ikhoza kukhala yeniyeni koma yaphokoso. Ngati bokosi munalisunga, yang'anani dzina la kampani, nambala ya chipangizo, ndiponso chizindikiro cha chilembo E chokhala ndi nambala yoyamba ndi 90R. Chizindikirochi chimachokera ku lamulo la ECE R90, limene limafuna kuti mapadi olowa m'malo mwa akufakitale agwire mosasiyana ndi akufakitalewo ndi zoposa 15 peresenti, ndipo chimayenera kuoneka pa bokosi ndi kumsana kwa padi. Mapadi ena abwino opangidwira msika wa ku Japan sakhala nacho, choncho kusowa kwake sikutanthauza chinyengo, koma padi yopanda dzina, yopanda nambala, ya utoto wothimbirira ndi m'mphepete mwa nyenyeswa, imeneyo ine sindingaiike pa galimoto yotenga ana.

Chimene sichinatchulidwe, ndipo ndikuona kuti n'chofunika kwa inu amene munavutikapo ndi kunjenjemera, ndi nkhope ya habu, pamene disiki imakhala. Disiki yakale ikachoka, pa habu pamatsala dzimbiri, ndipo disiki yatsopano ikakhala pa dzimbirilo imapendekeka pang'ono kwambiri moti diso silingaone. Pa magalimoto ambiri a Toyota kupendekeka kololedwa ndi mamilimita 0.05 okha, kumene ndi kochepa kuposa kunenepa kwa pepala la m'kope. Kukapitirira apo, disiki imagunda padi pamalo amodzi ikamazungulira, imadyeka mosalingana, ndipo pakatha miyezi ingapo chiwongolero chimayambanso kunjenjemera, mwini wake n'kumaganiza kuti anagula madisiki oipa. Poti adzakhala atamasula kale kuti aone mashimu, apempheni achotsenso disiki, apale habu mpaka iwale, ndipo ngati ali ndi geji yoyezera kupendekeka ayeze. Manati a tayala amangidwe modumphitsa, osati motsatana kuzungulira, ndipo pa Corolla mphamvu yake ndi 103 Nm pa sipanala yoyezera mphamvu yomangira. Kuwamanga poponda sipanala ndi phazi kapena kuonjezera paipi kumapanikiza disiki mosalingana ndiponso kumawononga mabawuti.

Mphunzitsi wa ku Zomba analembanso kuti:

Ndikuthokoza kwambiri nonse atatu. Ndinayesa zimene bambo a ku Ndirande ananena, ndipo ndinapeza kuti limu yakumanzere inali yotentha kuposa yakumanja. Kuphiri sindinakwereko chisinthireni mapadi, choncho ndinaona kuti nkhani ya mtsetse siikundikhudza. Ndinalemba mfundo zanu zonse papepala ndi kupita nalo kugalaja, ndipo ndinapempha kuti ndiime pomwepo pamene akumasula.

Mashimu munalibe mbali zonse ziwiri. Mwamwayi mapadi akale anali akadali m'chidebe cha zitsulo zotha, ndipo timalatato tinapezeka titamatirira kumsana kwake, tili bwinobwino. Kumanzere pini ya m'munsi inakana kutuluka ndi dzanja mpaka anachita kuipotokola ndi pulayala, ndipo itatuluka inali ndi gilisi wakuda wouma gwa, kalabala kake katatupa moti sikanathenso kubwerera m'malo mwake. Padi ya mkati ya mbali imeneyo inali itayamba kale kunyezimira chakumunsi, pamene chakumtunda inkaoneka ngati sinagwirepo ntchito. Atachotsa disiki ndinaona ndi maso anga mzere wofiira wa dzimbiri kuzungulira habu. Anapala zonsezo, tinagula timalabala tina ndi gilisi wa silikoni, anakhula mapadi pa sandipepa, ndipo anabwezera mashimu. Geji yoyezera kupendekeka analibe. Pambuyo pake ndinatsata njira yokhazikitsira mapadi imene a dalaivala analongosola.

Kulira kwa tswiii kuja kwatha, ndipo malimu onse awiri tsopano akumafunda mofanana. Mapadi ndi omwe aja, sindinagule ena. Kwatsala zinthu ziwiri zimene ndikufuna kufunsa. Masiku a mvula ano, m'mawa ndikaponda buleki koyamba ndi kachiwiri ndimamva kukwecha kwakuti khwee, kenaka kumatha tsiku lonse. Komanso tsopano poti kutsogolo kwakhala chete, ndazindikira kaphokoso kena kochepa kochokera kumbuyo ndikamabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono potuluka pakhomo. Kodi zimenezi zikukhudzana ndi ntchito yomwe ija?

Makaniko wa ku Ndirande anayankhanso kuti:

Ndasangalala mayi kumva kuti pini ija yapezeka madisiki asanawonongeke. Padi yakumanzere imene inayamba kudyeka mopendekera idzalingana yokha poti inali isanapite patali, koma pakatha miyezi iwiri kapena itatu apempheni achotse tayala aone ngati mapadi a mkati ndi a kunja akudyeka mofanana. Pemphaninso kuti ayang'ane paipi ya labala yobweretsa mafuta a mabuleki ku kalipa, kuti isakhale yopotoka kapena yong'aluka, chifukwa paipi yowonongeka mkati imathanso kuchititsa kuti buleki ichedwe kumasuka. Poti analibe geji, chizindikiro chimene muzitchera khutu ndi kunjenjemera kwa chiwongolero kapena kwa chopondera buleki. Kukangoyamba, pitani kumene ali ndi geji akayeze musanalole kuti wina apale kapena asinthe madisiki.

Kukwecha kwa m'mawa kusakudetseni nkhawa. Madisiki ndi achitsulo chosapakidwa kanthu pamene padi imadutsa, ndipo usiku umodzi wa mvula kapena mame ndi wokwanira kuti pamwamba pake pachite dzimbiri lopyapyala. Mukasuzumira pakati pa limu musananyamuke mudzaliona lofiirira, ndipo mapadi amalipala mukangoponda kawiri kapena katatu. Musapake kapena kupopera mafuta alionse pofuna kuliletsa.

Kaphokoso ka kumbuyo sikakukhudzana ndi ntchito ya kutsogolo. Axio ngati yanu kumbuyo ili ndi madilamu, zitsulo zonga mbale zozungulira ndi tayala, osati madisiki, ndipo fumbi lochokera ku mashuzi a buleki, amene amakhudza dilamu chamkati monga padi imakhudzira disiki, pamodzi ndi la mumsewu limaunjikana m'kati chifukwa lilibe potulukira. Mashuziwo amatsamiranso pa timalo tingapo totukuka pa chitsulo cha kuseri, ndipo timaloto tikauma timalira mashuzi akamasuntha, makamaka galimoto ikamabwerera m'mbuyo. Avule madilamu onse awiri, atsuke fumbilo ndi mankhwala opopera aja, apake gilisi wa mabuleki pang'ono pa timalo totsamirapo tokhato, ndipo aone kunenepa kwa mashuzi ndi kulimba kwa masipuling'i. Chimene ayang'anitsitse ndi kasilinda ka pamwamba kamene kamakankha mashuzi: akatukula kalabala kake n'kupeza chinyezi, ndiye kuti kakudontha, ndipo pamenepo asinthe kasilindako pamodzi ndi mashuzi a mbali zonse ziwiri, chifukwa shuzi yonyowa ndi mafuta a mabuleki sigwira moyenera.

Mukakaimanso pafupi pamene akugwira ntchito, musalole kuti fumbi la m'dilamu alipemerere ndi mpweya wa kompulesa kapena ndi pakamwa, pakuti ndi loipa m'mapapo, ndipo mashuzi ndi mapadi ena osadziwika kochokera akhoza kukhala ndi asibesitosi. Galimoto ikhale pa zochirikiza zachitsulo, osati pa jeke yekha. Akamaliza ayese handibuleki ngati ikugwira mofanana mbali zonse, ndipo mukayenda makilomita pafupifupi 50 mubwerere kuti akatsimikizenso manati a matayala onse anayi.